Mwana wa Aphunzitsi ku Ndagala

Ine ku Mangochi sindinapite mwa kufuna kwanga. Amuna anga anali mphunzitsi wa mishoni, wolalikiranso Lamulungu, ndipo masiku amenewo akuluakulu a mpingo akati nyamukani, munthu unkangomanga mitolo osafunsa. Anatichotsa kwathu ku Ntcheu, kozizira, kwa mbatata ndi kabichi, n'kukatiponya m'kamudzi ka kutsidya kwa Shire, kumunsi kwa mapiri a Namwera, kumene msewu unkathera mumchenga. Lole inatitsitsa pansi pa mlambe, dalaivala n'kutilozera ndi chibwano kuti kotsalako n'kwa miyendo. Ndinali ndi mwana wamkazi kumsana, ndowa pamutu, ndipo woyamba wathu, mnyamata, ankatsata m'mbuyo atakumbatira nkhuku ziwiri.

Nyumba ya mphunzitsi inali ya zidina, denga la udzu lodzaza mileme. Chiswe chinkadya chilichonse chimene wasiya pansi, mpaka chikuto cha buku la nyimbo. Madzi a pachitsime anali a mchere, sopo osachita thovu. Kutentha kwake ndiye kosakambika, ndipo malungo ankatiyendera mosinthana ngati ali ndi mzere. Chipatala chinali ku mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu. Sukulu ndi tchalitchi inali nyumba imodzi. Lolemba ana ankakhala pa mabenchi a dothi omwe ife tinagwadapo dzulo lake, ndipo choko cha ku mishoni chikatha amuna anga ankalemba pabolodi ndi chinangwa chouma.

Mtima wanga sunakhazikike kumeneko. Mzungu wa ku mishoni ankabwera pa njinga yamoto mwa apo ndi apo kudzawerenga ana ndi kudzadyetsa mgonero, ndipo ine ndikangomva kulira kwa njingayo ndinkataya chilichonse chili m'manja, kuganiza kuti mwina lero wabwera ndi mawu oti tisamuke. Iye ankangomwa tiyi, n'kuyamikira kupirira kwathu m'Chichewa chake chopindika, kenako fumbi koboo kubwerera kwawo kumene kunali thanki ya madzi a mvula. Ndinkatsuka kapu yakeyo ndili ndi ukali.

Mudzi wonse unali wa Asilamu. Akhristu tinali ife, banja la mkulu wa mpingo yemwe anali msilikali wopuma, ndi anthu ena ochepa oti onse n'kukwana pa mabenchi awiri. Anthu sankatida ayi. Ankatipatsa usipa, ankatilonjera mwaulemu, koma ana awo ankawaumira. Ankati sukulu ya mishoni imasintha mwana dzina n'kumudyetsa nkhumba. Amuna anga ankayenda khomo ndi khomo, chipewa m'manja, kupempha ana, ndipo kulikonse yankho linali limodzi: "Insha Allah, aphunzitsi, mawa abwera." Mawa lakelo kunkabwera ana asanu. Usipa ukagwa ankatsala awiri, wina mwa iwo ali wathu yemwe.

Amene anandisunga kuti ndisapenge anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mkazi wa telala. Tonse tinkangowatchula kuti Abiti. Anali wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, ndipo ankandiseka poyera kuti ndimaphika nsomba ngati ndikuilanga. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti nkhuku yanga ndizikaichinjitsa kwa amuna awo, aiphe mwa Chisilamu, ngati ndikufuna kuti mlendo adye m'nyumba mwanga.

Mwana wanga wamwamuna yekha ndiye anamera mizu. Pasanathe chaka ankalankhula Chiyao moti ine ndinkamufunsa kuti anthu akuti chiyani. Ankadziwa kupalasa bwato, kutchera mbedza, kukwera mgwalangwa. Ndinkamukalipira kuti akununkha nsomba, koma pansi pa mtima ndinkakondwa kuti mmodzi wa ife ali pakwawo.

Zinasintha atafika zaka khumi ndi chimodzi. Kumeneko mnyamata wa msinkhu umenewo amapita ku jando. Nyengo yozizira, anthu atakolola, anyamata amatengedwa kupita ku msasa wa kutchire wotchedwa ndagala, kumene amadulidwa ndi ngaliba, n'kukhala milungu ingapo akulangizidwa. Akatuluka amakhala amuna. Anzake a mwana wanga ena anali atatuluka kale chaka chathacho, ndipo anayamba kumusala. Kudambwe ankamuuza kuti akasambe ndi tiana. M'kalasi ankakana kukhala naye benchi limodzi, ati wosavinidwa akhale kwa atsikana. Mwana yemwe ankabwera kunyumba mochedwa chifukwa cha masewera anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse akusenda kamtengo ndi mpeni.

Tsiku lina pa chakudya anangoti, "Bambo, nanenso ndipite."

Bambo ake anasamba m'manja kaye asanayankhe. Anamuuza mofatsa kuti lamulo la mpingo n'lodziwika: Mkhristu wotumiza mwana ku jando amachotsedwa pa mgonero, ndipo akakhala mphunzitsi ntchito yathera pomwepo. Anati ngati nkhani ndi mdulidwe, amutengera ku chipatala cha mishoni.

"Za kuchipatala sawerengera," anatero mwanayo. "Amati ndi za odwala."

Ine ndinaganiza kuti zatha. Mwera utayamba kuwomba ng'oma zinalira, anyamata anatengedwa, mudzi unangoti zii. Patapita masiku awiri ndinamutuma kukathyola masamba a chinangwa kumunda. Dzuwa linafika paliwombo osabwera. Ndinayenda mpaka kumunda, ndinapeza dengu lili pa chitsa, lopanda kanthu. Ndinathamangira kugombe, ndinafunsa asodzi, aliyense ankangoyang'ana kumbali. Pobwerera ndinapeza Abiti atakhala pakhonde panga, chinthu chimene sankachita nthawi ya ntchito.

"Khalani pansi, amayi," anatero. "Mwana ali moyo. Walowa ku ndagala ndi miyendo yake. Palibe anamugwira."

"Akamutulutse! Lero lomwe!"

"Wosavinidwa akaponda kumene kuja satuluka mpaka anzake atuluke. Ngakhale akhale mwana wa bwana wa pa Boma. Ndipo mmene ndikulankhula pano, ngaliba wamaliza kale ntchito yake."

Ndinawatukwana Abiti tsiku limenelo, mawu oti mkazi wa mlaliki sayenera kuwadziwa. Iwo anangokhala, kundisiya ndithe.

Amuna anga anavala jekete n'kutenga Baibulo, ulendo wa kutchire. Anakumana ndi akuluakulu a ndagala panjira, patali ndi msasawo. Anawalandira mwaulemu, anawapatsa pokhala, koma anawauza kuti apa ndiye pothera. Mkulu wina anawaseka kuti, "Mukhoza kulowa, aphunzitsi, koma nanunso mutulukira limodzi ndi anawo." Anabwerera jekete ili paphewa. Zokasuma ku polisi sanaziganizire n'komwe. Ana a tcheyamani wa chipani analinso momwemo, ndipo masiku amenewo munthu wobwera sunkalimbana ndi amene amakufunsa khadi pa msika.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku mishoni kukadziwitsa mzungu uja, nkhani isanafike kudzera mwa ena. Anabwera ndi chigamulo chomveka bwino. Popeza mwana anapita yekha, makolo alibe mlandu. Koma tisaikepo dzanja: osatumiza chakudya, osagula zovala zotulukira, ndipo tsiku lotuluka pasaoneke phazi la mphunzitsi kapena la mkazi wake pabwalo. Mwana akabwera, timulandire m'nyumba mwakachetechete. Tikalakwira chimodzi mwa izi, ndiye kuti tavomereza, ndipo ntchito yatha.

Milungu imeneyo sindidziwa kuti ndinaidutsa bwanji. Ndinkasesa bwalo losesa kale. Ndinkasoka chigamba n'kuchisomola. Ndikayamba kusinja ndinkasiya mtondo pakati n'kukaima kuseri kwa tchalitchi kumene nkhalango ija inkaonekera. Mphepo ikachokera kumeneko inkabweretsa nyimbo za anyamata, ndipo ndinkatchera khutu ngati chitsiru, kufuna kupatula mawu a mwana mmodzi pakati pa ambirimbiri. M'mawa kukazizira ndinkayang'ana bulangete lake lili chipindire pa mphasa, mtima n'kumandipweteka.

Chimene chinandidwalitsa kwenikweni ndi zomwe ndinamva pachitsime, zoti mwana akafera ku ndagala mayi sauzidwa. Amamuika komweko, ndipo iwe umangozindikira tsiku lotuluka poona kuti wako palibe. Kuyambira pamenepo tulo ndi chakudya zinandithawa.

Azimayi a m'mudzi ankaphika tsiku lililonse n'kukasiya mbale pa mtengo wina, pomwe alombwe, anyamata aakulu osamalira anamwaliwo, ankadzazitenga. Abiti analinso ndi mwana wawo kumeneko. Sanandifunse chilichonse, anangoyamba kunyamula mbale ziwiri. Madzulo ankadutsa kuseri kwa nyumba yanga n'kunena mosayang'ana kumbali, "Mbale yabwera yoyera, amayi. Wodwala samaliza chakudya." Mawu amenewo ndiwo ndinkadzukira. Sabata yachiwiri ndinayamba kusiya kambale ka ufa pansi pa mpanda wathu, ndipo m'mawa ndinkakapeza kopanda kanthu. Nkhuku imodzi inasowa pakhomo. Amuna anga, omwe ankadziwa nkhuku zawo ngati ana a sukulu, sanafunse.

Mkulu wa mpingo uja, msilikali wopuma, anayamba kutiyendera pafupipafupi. Sanali munthu woipa. Iye anali Myao, ndipo pamene analowa Chikhristu abale ake anasiya kudya naye mbale imodzi. Ana ake anawakaniza jando, iwo n'kukula akunyozedwa. Ndiye ankatiyang'anitsitsa kuti aone ngati lamulo limene linamupweteka iye litipwetekanso ife. Tsiku lina anandipeza ndikupeta, anakhala pa mpando n'kunena, "Mayi, mapanga awiri avumbwitsa. Anthu akuona." Ndinamuyankha kuti anthuwo ali ndi maso abwino, bwenzi akuthandiza kupeza ana a sukulu. Anachoka osatsanzika.

Tsiku lotuluka litayandikira, Abiti anabwera n'kundifotokozera mmene zimakhalira. Madzulo ake amatentha msasa. M'mawa anyamata amasambitsidwa, amavekedwa zatsopano, n'kuwakhazika pa mikeka pabwalo, aliyense pansi pa ambulera, mutu uli pansi. Saloledwa kudzutsa nkhope kapena kulankhula mpaka abale ake abwere kudzamufupa ndi kumuvinira. Wa abale ambiri amachita kukwiririka ndi nsalu ndi nthungululu.

"Nanga wopanda abale?" ndinafunsa.

"Amakhala choncho mpaka bwalo lithe. Ine ndikhoza kumuponyera kenakake, koma aliyense adziwa kuti si mayi wake. Ana aja saiwala, amayi. Adzamutcha wamasiye mpaka adzamere imvi."

Ndinali ndi nsalu yomwe ndinasungira diresi la mwana wamkazi. Ndinaipereka kwa Abiti, ndipo amuna awo anasoka malaya poyerekeza ndi msinkhu wa mwana wawo.

Tsiku lotentha msasa ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa mitengo, ndipo ndinalowa m'nyumba n'kuwauza amuna anga kuti mawa ndipita. Tinakangana kuposa tsiku lina lililonse la ukwati wathu. Iwo anati ndiganize: zaka zonse zimene aphunzitsa, sukulu imene aivutikira, ana awiri oti adye, kwathu kopanda munda wokwanira. Anati mwanayo anasankha yekha, tsiku limodzi la manyazi silipha munthu. Ine ndinati ndi mwana, sanasankhe kubadwira m'nyumba ya mlaliki, sanasankhe kuponyedwa kuno. Ndinawafunsa ngati mzungu ujayo angasiye wake atakhala yekha pabwalo mutu uli pansi. Kenako ndinanena zimene zinawalasa, kuti akhala akupempha ana a eni khomo ndi khomo pamene wawo akumukana. Anatuluka n'kukakhala m'tchalitchi.

Kutacha ng'oma zinayamba. Amuna anga anavala, anamwa tiyi ataimirira, n'kunena kuti akukakonza mabenchi a sukulu. Sanandiyang'ane. Nditatuluka pakhomo ndinapeza ambulera yawo yakuda, ija ankayenda nayo pokalalikira, itatsamira pa chitseko. Unali mwezi wa Seputembala, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo.

Ndinainyamula. Njira yonse sindinkadziwa ngati ndikuopa mpingo kapena kukapeza kuti wanga palibe. Bwalo linali lodzaza, fumbi, nthungululu, azimayi atavala nsalu zowala. Anyamata anali pamzere pa mikeka, mitu yometedwa, onse ofanana. Ndinayenda ndikuyang'ana mmodzimmodzi mpaka kumapeto. Anali womaliza. Ndinamuzindikira ndi malaya aja, omwe anamukulira chifukwa anali ataonda. Pa mkeka wake panalibe munthu kupatula lombwe wake, yemwe ankamutchingira dzuwa ndi nthambi ya mango.

Nditayandikira anthu anayamba kukhala chete. Ndinamuona mkulu wa mpingo ataima patali pansi pa mtengo, manja kumbuyo. Ndinatambasula ambulera ija n'kuipereka kwa lombwe, ndinamasula mfundo ya nsalu yanga n'kuika tindalama tomwe tinalimo pa mkeka. Mwanayo sanadzutse mutu msanga. Anayang'ana mapazi anga kaye, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Kenako anakweza nkhope.

Kuvina kwa kumeneko sindinkakudziwa. Ndinavina chingoni cha kwathu, chopondaponda, misozi ili mbwembwembwe, ndipo Abiti anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka kugombe. Azimayi anandizungulira, ena akundiseka mavinidwe, ena akundikoleka nsalu m'khosi. Mayi wina wokalamba yemwe sanandilankhulepo chifikire changa anandigwira dzanja n'kunena m'Chichewa chake cha Chiyao, "Sikomo, amayi. Lero mwafika."

Bwalo la mpingo linakhala ku mishoni patangopita sabata. Ine sanandiitane, mlandu wa mkazi unali wa mwamuna wake. Zomwe zinachitika anandiuza ndi mkulu wa mpingo yemwe uja, patapita nthawi, ndipo ankafotokoza ngati munthu amene sakumvetsabe. Akuti mzunguyo anayesetsa kuwatsegulira khomo. Anawafunsa kuti, "Aphunzitsi, mkazi wanu anapita inu osadziwa, si choncho?" Akanangovomera, chilango chikanagwera ine ndekha, miyezi ingapo pa benchi la kumbuyo, basi. Amuna anga anati, "Ndinkadziwa. Ambulera imene inali pamutu pa mwanayo ndi yanga, ndipo ndinaisiya pakhomo ndine." Mzungu anafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati kuti mwina Chichewa chamuphonya. Iwo anabwereza mawu omwewo.

Anawachotsa pa mgonero ndi pa ntchito. Anatipatsa mpaka kutsegulira kwa sukulu kuti tikhale titatuluka m'nyumba ya mishoni.

Kusamuka kumene ndinakulirira zaka zonse zija kunabwera choncho, ndipo sindinakondwe. M'mawa wa tsiku lonyamuka, tikumanga mitolo, tinamva phokoso kusukulu. Linali tsiku lotsegulira. Anyamata onse amene anatuluka ku ndagala limodzi ndi mwana wathu anali atabwera, ena ndi azing'ono awo, ena atagwidwa dzanja ndi abambo awo ovala zikofiya. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pansi, ena pawindo. Telala, mwamuna wa Abiti, anabwera pakhomo pathu n'kunena kuti anthu agwirizana: mphunzitsi amene mwana wake wagona ku ndagala ndi ana awo sangawadyetse nkhumba. Ati abwera kudzalembetsa.

Amuna anga anaima pakhonde atagwira chingwe chomangira katundu, akuyang'ana ana amene anawapempha zaka zinayi. Mphunzitsi watsopano anali asanafike. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzuwa, ndipo anati lole sifika pa mlambe paja mpaka masana. Anatsuka m'manja, anatenga kachidutswa ka chinangwa chouma pawindo, n'kupita.

Ndinamaliza kumanga ndekha ndi mwana wanga, yemwe tsopano ankandilankhula atagwada patali monga anamulangizira. Kudzera pakhoma tinkamva mawu a bambo ake akutchula a, e, i, o, u, ndi chigulu cha ana chikuyankha mwamphamvu moti mileme inayamba kuuluka m'denga. Anaphunzitsa mpaka dzuwa linafika pamutu. Limenelo linali tsiku lawo lomaliza kuima kutsogolo kwa kalasi. Kwathu ku Ntcheu analima mbatata mpaka imfa yawo, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi kuti ndinawathera ntchito. Masiku ena ndinkalakalaka akanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka. Koma bwalo la anamwali lija, lero atalibwezeretsa, ndikhoza kupitanso.